Chithunzithunzi cha Atate

Kwathu ku Ndake zithunzithunzi za anthu zimachedwa. Changa chimalowa m'kalasi ine nditakhala kale pansi, ndipo aphunzitsi anazolowela, satseka chitseko msanga.

Zinayamba ndisanabadwe. Chaka china thonje linabeleka kwambili, manja anachepa, ogula anali pafupi kufika. Zoika mwala pamphanda ya mtengo kuti dzuwa lisafulumile kulowa aliyense amazidziwa. Koma nthawi imeneyo mudzi wonse unaika miyala tsiku limodzi, itapakidwa mankhwala a sing'anga. Dzuwa linaima mpaka anthu anagona katatu. Mtsinje unauma, nkhuku zinafa ndi tulo. Thonje lokha anamaliza. Atachotsa miyalayo dzuwa linayenda, zithunzithunzi n'kutsalila m'mbuyo.

Cha amai chimachedwa ngati ola limodzi. Cha atate, amene anakwela mtengo wautali kuposa yonse, chinkachedwa zaka ziwili zathunthu. Iwo atamwalila, icho chinapitiliza nchito. M'mawa chinkanola khasu limene tinapatsa kale amalume, masana chinkadutsa pamphasa yoyanikapo ufa.

"Inu bambo, mwandipondela ufa," amai ankatelo. "Munthu kufa, kufa, koma kumva ai."

Ine ndimalemba m'kabuku tsiku lililonse, chifukwa kulemba n'kosavuta ngati kulankhula. Tsiku lina chithunzithunzi chija chinakhala pansi pafupi ndi khola n'kudzigwila pachifuwa. Ndinatsegula kabuku ka zaka ziwili zapitazo ndipo ndinapeza mawu anga: "Atate akhosomola, akuti ndi fumbi la thonje." Kuchokela pamenepo panatsala masamba khumi ndi limodzi kufika tsiku limene atate anachoka pakhomo komaliza.

Sindinauze munthu. Amai anaona okha kuti chayamba kuyenda mogwila khoma.

"Iwe, kabuku kako kakuti chani?" anandifunsa tikutong'ola chimanga.

"Kakuti kunatentha."

"Kutentha ndikukumbukila ndekha."

Ndinayang'ana m'dengu. "Lachinayi likubwelali, amai."

Anatong'ola chitsononkho chonse, kenako anati, "Ndiye Lachitatu usese bwino pabwalo. Asapite pazinyalala."

Chimene sindinawauze chinali patsamba lomaliza. Tsiku limene ankawakweza m'ngolo kupita kuchipatala, atate anatambasula dzanja kundiitana. Pabwalo panali anthu ambili, ndipo ine ndinachita manyazi n'kubisala kuseli kwa nkhokwe. Madzulo ake ndinalemba mzele umodzi: "Ndidzawapatsa moni akabwela."

Lachinayi sindinapite kusukulu. Anansi anabwela osaitanidwa, ochuluka kuposa tsiku la ngolo lija, ena ndi timipando tawo. Kunali mitambo, ndipo tonse tinkangoyang'ana kumwamba ngati odikila mvula yoyamba. Dzuwa linatuluka cha m'ma naini. Chithunzithunzi chinatuluka m'nyumba chili chogona, monga cha munthu wonyamulidwa, n'kuima pamene panaima ngolo. Dzanja linatambasuka kuloza kunkhokwe.

"Akufuna chimanga?" anafunsa amalume.

"Akufuna ine," ndinatelo. Mawu anatuluka aang'ono, koma anthu anamva, ndipo anandipatsa njila.

Ndinagwada, onse akuona, n'kuika chikhatho changa pafumbi pamene panali dzanjalo. Panali pozizila pang'ono, ngati pamthunzi uliwonse. Ndinati, "Muyende bwino, atate." Dzanja linakhalabe chotambasuka nthawi yaitali kuposa m'mene ndinkaganizila, kenako linabwelela pachifuwa.

Chithunzithunzi chija chinayamba kutsetseleka kutsata njila ya ngolo, paliwilo la ng'ombe zotopa. Ine ndi amai tinachipelekeza mpaka pamseu waukulu.