Matope Amene Mtsinje Unatisiyira

Lero ku Kamwendo ndagula mbatata yokhala ndi matope akuda. Fungo lake landibwezera kudimba kwathu ku Dambe, tsiku lomwe mtsinje unasefukira n'kukwirira chimanga chathu chonse. M'nkhokwe munalibe kanthu, ndipo ndinalira.

Malemu bambo anga, amene anagwirapo ntchito m'sitima zapamadzi ku Beira, anatapa matopewo n'kuwanunkhiza.

"Pukuta misozi, iwe. Ngakhale kunyanja yamchere madzi amavundula pansi, zowola zimakwera, nsomba n'kupeza chakudya. Mulungu sataya kanthu. Awa ndi manyowa, watitumizira."

Anatulutsa mbewu zotsala m'thumba la malaya, zongodzaza dzanja limodzi.

"Uziboola ndi chala, ine ndiziponya."

Ndinagwada pambali pawo, matope ozizira akundilowa m'zikhadabo, iwo akuimba chapansipansi nyimbo yakutchalitchi.