Tsiku Limene Anatsegula Kamera ya Mainess

Loweruka, pa 15 Ogasiti 1987, dzuwa lili paliwombo, a Dixon Mukupa, tcheyamani wa komiti ya kamsika kathu kuno ku Mtendere, m'Lusaka, analanda kamera m'manja mwa Mainess Chisale n'kuitsegula kumbuyo, tonse tikuona. M'kameramo munali filimu yosatsuka. Pa filimuyo panali chithunzi cha mkazi wanga Magdalene, amake Dingani, amene tinali titamuika m'manda mwezi wa Julaye. Chithunzi china cha mkazi wanga ndinalibe, kupatula kaja ka pa chitupa cha rejisitireshoni kamene chidindo chinadya chibwano. Amene sadziwa adziwe lero: filimu yosatsuka ikaona dzuwa imapsa, ndipo palibe sing'anga woidzutsa.

Ine ndine Josiah Kamanga, mphunzitsi wopuma ntchito. Zondikwiyitsa m'komboni muno n'zambiri ndipo sindiiwala ngakhale chimodzi. Koma ndisanafike pa a Dixon ndiyambe ndanena za Mainess, chifukwa ena mumangomutcha kamayi ka kamera, ngati munthu wopanda dzina ndi kwawo.

Mainess anabadwira ku Kalingalinga. Bambo ake anachokera ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, n'kukalambira m'makhitchini a azungu. Sukulu analekezera Giredi 7, osati chifukwa cha mutu wouma, koma malo a Fomu 1 anali ochepa. Anakwatiwa ndi kondakitala wa basi amene anapita ku Kitwe kukaona ntchito, ndipo akuionabe mpaka lero. Mainess analera ana a azungu ena ku Kabulonga. Ndalama ya kwacha itayamba kugwa azunguwo analongedza, ndipo dona anamusiyira mapoto, ambulera ndi kamera yakuda yolemera ngati mwala wonolera mpeni. Achibale anati agulitse agule unga. Anakana. M'mawa ankakazinga vitumbuwa pamsika, masana n'kumayenda ndi kamera pakhosi asakudziwa ndi potsegulira pomwe.

Amene anamuphunzitsa ndi a Lazarous Nkole, okonza mawayilesi pafupi ndi siteshoni ya minibasi. Kale iwowa ankatsuka zithunzi m'studiyo ya mmwenye wina ku tauni. Studiyoyo itatsekedwa anatenga makina akale osindikizira zithunzi n'kuwaika m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yawo.

Filimu yake yoyamba Mainess anaithera pa kwaya ya amayi a kumpingo kwathu. Mkazi wanga anali momwemo, mzere wakutsogolo, atasita bulauzi yoyera usiku wake. Amayi anaima, anakhala, anagwada, ena anabwereka nsapato. Filimu itatsukidwa inatuluka yoyera mbee kuyambira kumutu mpaka kumchira. A Lazarous anaiyang'ana pawindo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Wakopa mphepo, mwana wanga," anatero. "Filimu siinagwire pa mano, yenze chabe gone. Ukapukusa uku, uziyangana aka kachiguduli ka kumanzere. Kakazungulira, ndiye kuti filimu iyenda. Kakangokhala zii, leka, ukopa mphepo."

Amayi a kwaya sanamusiye. Akamuona pamsika ankakuwa kuti, "Ba Mainess, bwerani mutikopeko na ija kamera ya Mzimu Woyera, yamene vithunzi vake siviwoneka na maso!" Iye ankaseka nawo, koma kwa mkazi wanga anabwera yekha kudzapepesa. Anati, "Amama, chithunzi chanu nizakubwezerani. Lekani niphunzire."

Ndipo anaphunziradi, mwa kulakwa. Filimu yachiwiri anadula anthu mitu. Yachitatu anaimika banja lonse pa khoma lopaka laimu dzuwa likuswa mtengo, n'kutuluka mano ndi maso okhaokha. Apo anadziwa kuti khungu lathu limafuna mthunzi, ndiye ankakokera anthu pansi pa mtengo n'kutsegula diso la kamera kuti kuwala kulowe kokwanira. Kamerayo ili ndi kasingano koyezera kuwala, koma batire yake sipezeka m'Lusaka muno, monga mmene sopo ndi mafuta ophikira a saladi sizipezekera. Mainess anaphunzira kuyeza kuwala poyang'ana chithunzithunzi cha phazi lake pansi. Chikakhala chakuthwa m'mbali amachepetsa diso, chikafooka amakulitsa.

Kulakwa kumene kukukhudza nkhani yanga kunachitikira m'shopu ya a Lazarous. Filimu itatha, Mainess anaiwala kuibwezera m'kachitini kake, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo.

"Tseka!" anakuwa a Lazarous, n'kugwetsa wayilesi ya mwini wake.

Anatseka. Analira, poganiza kuti zonse zapita. Koma atatsuka, zomalizira zinali zitapsa, zoyambirira zilipo. A Lazarous anamufotokozera kuti filimu yojambulidwa kale imadzikulunga yokha m'kamera ngati kabichi. Dzuwa limayamba ndi masamba akunja. Ukafulumira kutseka, am'kati amapulumuka. Mainess sanaiwale.

Pofika chaka chino anali atakhwima dzanja. Filimu inkabwera mwa apo ndi apo ndi madalaivala a malole, choncho sankataya ngakhale kachidutswa. Filimu imodzi inkakhala m'kamera miyezi, ikunyamula ubatizo wa uyu, ukwati wa uyo, ndi mnyamata wobwereka jekete kuti akanamize makolo ku Katete kuti zikuyenda. Ankatha kukuimika mpaka mtambo udutse. Ukadandaula ankati, "Mufuna chithunzi olo mufuna kuthamanga?" Amene anajambulidwa ndi ojambula ena aja oyenda panjinga, amene amangowalitsa fulashi m'kamera mulibe kanthu, adziwa kusiyana kwake.

Mwezi wa Juni anafika kwathu atangoika filimu yatsopano. Mkazi wanga anali atayamba kale kutupa miyendo, koma anadzuka, anavala bulauzi yoyera ija ndi chitenge cha mpingo, n'kukhala pampando pansi pa mango. Ine ndinaima pambali pake nditavala tayi. Mainess anaimika kamera choongoka kuti tikwanemo tonse awiri.

"Atate ake Dingani," anatero mkazi wanga, "chotsani nkhope ya hedimasitala. Si tsiku la mayeso lino."

"Nkhope ndi yomweyi, ina ndilibe," ndinayankha.

Iye anaseka, ndipo ali m'kati moseka ndinamva kamera kuti tche. Mainess anayang'ana kachiguduli ka kumanzere pamene ankapukusa, n'kunena kuti, "Manje yayenda, amama. Iyi si mphepo."

Mankhwala otsukira a Lazarous anali atatha. Ku tauni nako m'mastudiyo ankabweza anthu. Dalaivala wina analonjeza kubwera nawo kuchokera ku Harare. Tili kudikira choncho, mkazi wanga anatisiya. Pamaliro Mainess anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ba aphunzitsi, amama balimo umu. Palibe azabagwira." Filimu inakhalabe m'kamera, popeza inali isanathe, ndipo pamwamba pa mkazi wanga panakulungidwa makanda a ubatizo ndi ukwati wa Petros ndi Maggie a kuseri kwa tchalitchi.

Tsopano za Loweruka lija. Kunamveka kuti unga wafika, ndipo ine ndinali pamzere ndi ena onse, fumbi la Ogasiti likutilowa m'mano. Chapafupi, mayi wina wosoka zovala anaitana Mainess kuti amujambule ndi makina ake. Kumbuyo kwa mayiyo kunali khomo lakuseri la sitolo ya ungayo, ndipo nthawi yomweyo pakhomopo pankatuluka wilibala ya matumba a unga, mlamu wake wa a Dixon akukankha. Izi ndinaona ndi maso anga, nditavala magalasi.

A Dixon anafika akuthamanga, mimba patsogolo.

"Iwe! Wakopa chani?"

"Nakopa ba Cathrine na mashini yawo, ba tcheyamani."

"Boza! Ndimwe bamene mugulitsa dziko kuli bakazitape. Leta, nione vamene vili mukati."

"Simungaone kanthu, ni filimu chabe. Ikalibe kutsukiwa."

"Ukana? Ndiye kuti muli vinthu."

Anakoka lamba mpaka kumukwalula pakhosi. Ine ndinachoka pamzere, n'kutaya malo amene ndinaimapo kuyambira m'mawa. Ndinati, "Dixon, m'menemo muli amake Dingani. Usatsegule." Ndinamutchula dzina lokha chifukwa ndinamuphunzitsa Giredi 5, ndipo ndikukumbuka bwino kuti phunziro la kuwala ndi mthunzi analiphonya ali kokaba magwafa. Anandiyankha kuti, "Ba tichala, apa si pa sukulu." Anatokosa apa ndi apa mpaka chitseko chinatseguka. Anasuzumira m'kati, akuyembekeza kupezamo timakadi ta zithunzi tondandalikidwa ngati m'chikwama. Anapeza kachingwe kotuwa.

Mainess sanachedwe. Analumpha n'kumenya chitsekocho ndi chikhatho, chinatsekeka pamodzi ndi khungu la chala cha a Dixon. Iwo anakuwa n'kusiya kamera, iye anailandira isanagwe, n'kuikulunga m'chitenge chake. Pomwepo, ali chiimire pakati pa anthu, anapukusa filimu kuibwezera m'kachitini.

"Mulibe kanthu umo!" anatero a Dixon akuyamwa chala. "Mwaona mweka, akopa banthu na kamera ilibe vithunzi!"

Ena pamzere anaseka. Mayina awo ndikuwadziwa.

Mankhwala anafika kumapeto kwa Seputembala. Masabata onsewo kachitini kanali m'thumba la Mainess, ndipo palibe amene akanandiuza ngati mkazi wanga alimo kapena ayi. Ndikamufunsa ankati, "Benze boyamba, ba aphunzitsi. Bali mukati mwa kabichi. Nilibe mantha maningi." Ine mantha ndinali nawo.

M'mawa wa tsiku lotsuka ndinakhala pa kreti kunja kwa shopu ya a Lazarous. Mainess anatsuka yekha, manja ali m'mikono ya chijasi chakale chimene anachisoka kuti chisalowe kuwala. A Lazarous ankangoyang'ana wotchi. Filimu itauma anandiitana m'kachipinda kaja, anatseka chitseko n'kutchinga bulangeti, n'kuyatsa kababu kofiira. Anandionetsa filimuyo. Kumchira inali yakuda bii ngati makala. Ba Cathrine ndi makina awo munalibe, wilibala munalibe, ukwati wa Petros ndi Maggie munalibe. Chapakati makanda a ubatizo ankaoneka ngati ali m'utsi. Kumutu kwenikweni kunali kanthu.

Mainess anaika filimu m'makina, anawalitsa papepala akuwerenga chamumtima, n'kuviika pepalalo m'mbale ya mankhwala. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka panabwera chitenge, kenaka masamba a mango, kenaka nkhope. Magdalene anali kuseka, mutu utapendekera kumene ndinaima ine, kampata ka mano ake kakuoneka bwinobwino. Kumene ndinaima ine kunali koyera ngati pepala losalembapo. Dzuwa linalowera m'mphepete n'kundidya ndense, kungosiya dzanja langa paphewa pake.

"Ba aphunzitsi, mwapsa," anatero Mainess motsitsa mawu.

A Lazarous anati, "Nkhope ya hedimasitala yeve dzuwa silinaikonde."

Ndinaseka, koyamba chichokereni kumanda. Kenaka ndinapempha kuti anditulutse panja.

Chithunzicho chili pakhoma kwathu, ndipo aliyense wofuna kudziwa ngati kamera ya Mainess imakhala ndi filimu abwere adzaone. Mainess akujambulabe. Petros ndi Maggie anawajambulanso atavala zaukwati zobwerekanso, koma Maggie mimba inali itaoneka kale ndipo diresi silinatseke kumsana. Limenelo si tsiku la ukwati wawo, ndipo tsikulo silidzabweranso. Chikhala kuti Mainess sanaphunzire pa kulakwa kwake, chikhala kuti dzanja lake linachedwa pang'ono pokha, bwenzi adzukulu anga akudziwa agogo awo ndi kachithunzi kopanda chibwano.

A Dixon mpaka lero sanapite kwa Mainess, sanapite kwa Petros, sanabwere kwa ine. Tikakumana amayang'ana kumbali ngati aona minibasi. Komiti nayo ili chete, ndipo mawu aja akuti mayiyu amajambula ndi kamera yopanda kanthu sanabwezedwe.

Ndiye ndikufunsani inu a Dixon Mukupa, pamaso pa komiti ndi pa onse amene anali pamzere tsiku lija. Munauzidwa ndi mwini kamera, munauzidwanso ndi ine, kuti musatsegule. Munkafuna kuona chiyani, kapena kubisa chiyani? Ndipo mudzaima liti pamsika pomwe paja kunena ndi pakamwa panu kuti filimu inalimo, ndipo amene anaiwotcha ndinu? Ndiyankheni.