Bambo Gaspar, Makaniko wa ku Mitande

Bambo Gaspar anabadwira ku Ngauma, m'banja losauka koma loopa Mulungu. Ali mwana ankachedwa ku Misa chifukwa choima pamtsinje n'kumayang'ana mmene madzi amazungulirira kuseri kwa mwala, moti amayi awo ankadandaula kuti abereka chitsiru. Chitsirucho chinaphunzira mpaka kutsidya kwa nyanja, n'kukhala pulofesa wa kayendedwe ka madzi. Zimene analemba, zofotokoza mmene ngalande yokhotakhota imafooketsera madzi othamanga, zinkawerengedwa ndi akatswiri anzawo.

Nkhondo yapachiweniweni itatha, anthu amene anathawira ku Malawi akubwerera, iwonso anasiya ulemerero wawo nadzakhala ku Mitande ndi akazi awo, mayi Idalina. Lamulungu loyamba, katekisiti Adriano anawafunsa zimene anaphunzira. Iwo anayankha m'Chipwitikizi kuti, "Mecânica dos fluidos," kutanthauza maphunziro a kayendedwe ka madzi aja. Katekisiti anagwira liwu loyamba lokha, nalengeza kuti, "Abale, Ambuye atitumizira makaniko."

M'mawa mwake pakhomo panadzaza njinga zakufa. Bambo Gaspar anali asanagwirepo sipanala, koma poopa kuchititsa manyazi katekisiti, anapinda malaya nayamba ntchito. Njinga zimene ankakonza zinkabwerera kwawo zili paphewa.

Masiku amenewo akhristu anali atamanga tchalitchi cha zidina m'munsi mwa chitunda, ndipo madzi amvula anali atachigwetsapo kale. Ambiri ananenetsa kuti chikagwanso aleka kusonkhana. Pamsonkhano, bambo Gaspar anati, "Tikumbe ngalande yokhotakhota, madzi azifika kuno atatopa."

"Bambo, inu ndinu a njinga," anatero mkulu wa mpingo, a Tomasi. "Njingazonso zikukukanikani. Za madzi zisiyeni."

Panjira mayi Idalina anakalipa: "Bwanji osawauza kuti ndinu ndani?"

"Madzi sawerenga satifiketi, mayi. Tengani khasu."

Anakumba awiriwo chilimwe chonse, odutsa akuseka kuti bamboyu ngakhale ngalande akulephera kuiwongola. Mvula itagwa, madzi anatsika pang'onopang'ono nalambalala tchalitchi, ndipo khoma silinasunthe. Katekisiti analalika kuti ngati Mulungu analankhulapo kudzera mwa bulu, sangalephere kudzera mwa makaniko. "Amen" wamphamvu kuposa onse anachokera kwa bambo Gaspar.

Anasamalira ngalandeyo mpaka ukalamba. Atadwala mwakayakaya, wansembe anabwera kuchokera ku Cuamba kudzawadzoza, nawerama kuti amve mawu awo otsiriza.

"Ngalande ija mwachotsa mchenga?"

"Ayi, agogo, sanachotse," anayankha wansembeyo.

"Ndiye ndiyamba ndadikira."

Mpingo wonse unatuluka ndi makasu, a Tomasi ali patsogolo. Atauzidwa kuti ntchito yatha, bambo Gaspar anachita chizindikiro cha mtanda, natsinzina mwamtendere.

Ambuye awapumulitse m'kuwala kwawo. Ife otsala tisabise makasu, pakuti mitambo yayamba kale kuda.