Andithamangitsa mu kalavani chifukwa chosesa pakhomo

Andichotsa pomwe ndimakhala chifukwa cha tsache. Mwawerenga bwino. Tsache.

Ena mukundidziwa, ndimagulitsa m'sitolo ya nsapato ku Downtown, kuno ku Dubai. Ndinkagona ku Hor Al Anz, m'chipinda chodzaza azimayi, bedi pamwamba pa bedi. Ukatsokomola, wam'munsi wadzuka. Nditamva za kampani ina yochititsa lendi makalavani kunja kwa tauni, uko kumchenga, sindinachedwe. Kalavani ndi kanyumba ka matayala, koma kanali kanga ndekha, chitseko changa, kiyi wanga. Ndinamufunsa bwana wa pa ofesi yawo ngati malowo ndi ololedwa kukhalapo anthu. Anadzigwira pachifuwa, akuti mapepala onse ali bwino, ndigone tulo.

Sipanapite nthawi, uthenga unabwera pa gulu lathu la pa foni. Akuti mawa kubwera oyendera malo a boma, ndiye aliyense aanule zovala, alowetse nsapato, atseke makatani, azimitse AC, makina oziziritsa m'nyumba aja, ndipo yemwe sali ku ntchito akhale phee mkati. Ndinakafunsa oyandikana nawo, a Tembo a ku Chipata, omwe amayendetsa basi ya sukulu. Anaseka.

"Mlongo wanga, pa mapu ya boma pano si pogona anthu iyayi. Ni yadi yosungilako makalavani chabe. Ine na imwe ndise katundu."

Kuno malo aliwonse ali ndi ntchito yake: awa a nyumba, awa a mafakitale, awa osungira zinthu. Lamulolo ndilibe nalo mlandu. Mlandu ndili nawo ndi kampani yomwe inatenga chilolezo chosungira makalavani opanda anthu n'kumatigoneka momwemo ngati matumba a simenti.

Tsikulo linali lopuma kwa ine. Zovala ndinaanula, nsapato ndinalowetsa, AC ndinazimitsa. Dzuwa la ku Dubai mukulidziwa. Munthu wamkulu ine, wolipira lendi, ndinakhala pansi m'kanyumba kotentha ngati uvuni, kuopa ngakhale kuyetsemula. Ndinachita manyazi, ndipo mtima unandiwawa.

Koma m'mawa ndinali nditasesa. Ndikanaleka bwanji? Mayi anga anandilera kuti mkazi sayamba tsiku pakhomo pali zinyalala. Mchenga kapena ayi, ine ndimasesa, kutola zotsalira za ndudu ndi mapepala obwera ndi mphepo, mizere ya tsache n'kumaoneka bwinobwino. Mu uthenga muja za tsache munalibe.

Woyendera uja anadutsa makalavani onse osaima. Atafika pa yanga anaima. Ndinamumva akufunsa bwana uja kuti ndi katundu wamtundu wanji amene amadzuka m'mawa n'kusesa. Kenako anagogoda, mwaulemu ndithu. Ndinatsegula, thukuta lili kamukamu. Mumafuna ndinene kuti ndine tayala?

Mawa lake tonse tinauzidwa kuti tichoke sabata isanathe.

Ndinapita ku ofesi ya kampani ija nayini koloko. Mtsikana wa pa desiki akuti bwana ali pa msonkhano. Msonkhano wake ndimauona pagalasi: iye ndi mbale ya mpunga wa biriyani. Anatuluka dzuwa lili paliwombo akudzitokosa m'mano. Pepani sanamutchule. Akuti bizinesi yake ndaipha ndine. Akuti ena onse anamvera malangizo. Akuti kuyambira pomwe anabadwa sanaonepo munthu wosesa chipululu.

Ndinamufunsa funso limodzi: "Munandiuza kuti mapepala ali bwino. Ndikagona kuti?"

"Inshallah tipeza. Khalas, basi zatha, sista, ndili ndi anthu ena."

Anthu ena ati? Pa benchi ndinali ndekha.

Sizinathere pomwepo. Analemba pa gulu lija kuti amene wachotsetsa anthu ndi mayi wa ku Malawi wa kalavani ya kumapeto. Anthu omwe ndimagawana nawo mchere anasiya kundiyankha moni. A Tembo okha ndi amene anandinyamulira chikwama mpaka pa basi. Ku Hor Al Anz bedi langa lija analowapo kale wina. Pano ndikuyala pansi, pakati pa mabedi awiri, kwa mnzanga.

Ndiye inu akampani, tandiyankhani. Wonama ndani, tsache kapena inu? Chilolezo chogonekera anthu chili kuti? Mukanatipeza titakomoka ndi kutentha muja, mukanati katundu wawonongeka?

Abale anga, wina akakuonetsani kalavani, musayang'ane makatani. Funsani kuti malowo boma linawalemba kuti ndi a chiyani, ndipo akuonetseni ndi maso, asangodzigwira pachifuwa.

Ndikunena izi chifukwa dzulo ndaona akampani aja akutsatsanso malonda, akuti atsegula yadi ina yaukhondo. Aika ndi chithunzi chomwe: kalavani yoyera, pakhomo pali mizere ya tsache yokongola. Muchiyang'anitsitse chithunzicho musanaimbe foni. Pakhomo pamenepo ndinasesa ndine.