Tenga Faifi, Mwanangu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene gofu inalowa pa poloti yathu ku Kaliyeka, ndipo inalowa mwangozi. Achimwene ake a Dani, mnzanga wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, anabwera kuchokera ku Joni ndi makina a gemu olumikiza ku TV, mapadi awiri oseweretsera ndi madisiki awiri. Disiki ya mpira wamiyendo, imene tonse tinkailirira, sinathe sabata. Tinaikanda polimbirana mpaka inayamba kukana. Inatsala ya gofu basi. Motero ife ana a m'fumbi, amene kapinga tinkangomuonera pa mipanda ya eni ake, tinasanduka akatswiri a masewera a mabwana.

Ababa gofu ankaidziwa kuposa aliyense m'dera lathu, ngakhale anali asanamenyepo mpira pabwalo. Anali kadi ku bwalo la gofu m'tauni, ndiye kuti munthu wonyamula chikwama cha ndodo n'kumatsatira wosewera. Ntchito imeneyo anaiyamba ine ndisanabadwe. Kenako matenda a shuga anayamba kuwadya maso, ndipo kadi wosaona kumene mpira wagwera palibe amamufuna. Tsiku lina anabwerako dzuwa lili pamutu, nakhala pakhonde, ndipo kuyambira pamenepo pakhondepo panasanduka pantchito pawo. Amayi ankalawirira kukagulitsa tomato kumsika. Ababa ankatsala chete tsiku lonse, ndevu zikukula, osafunsidwa kanthu ndi munthu.

Madzulo ena ndinabwera kuchokera kwa Dani ndikung'ung'udza. Ndinati TV ija ndi yabodza. Imalemba mtunda wotsala kukafika pa mbendera ya pa dzenje lolowetsamo mpira, imakusankhira ndodo, iwe n'kumenya bwinobwino, koma mpira n'kugwera panjira.

“Mpirawo unali pati?” anafunsa ababa.

“Pansi.”

“Pansi pake pati? Pa kapinga wometa, mu udzu wautali, kapena mu mchenga?”

Ndinati unali mu udzu. Anaseka, ndipo ndikukumbukira kuti ndinadabwa, chifukwa kuseka kwawo ndinali nditakuiwala. Anandituma kukatola kachitsekerero ka botolo. Anakaika pa simenti n'kukagunda ndi chala, kanathamanga mpaka kukhoma. Anakaikanso pa chiguduli chopukutira mapazi n'kukagunda chimodzimodzi, kanangosuntha pang'ono.

“Udzu umadya mtunda,” anatero. “Nambala imakuuza kumene ukupita, siikuuza pamene waima. Yamba wayang'ana pamene mpira wakhala.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi kadi wangawanga. Anandiphunzitsa kuti ndodo ya nambala yaing'ono imaponya kutali, choncho mpira ukakhala mu udzu ndizitsika ndi nambala imodzi kapena ziwiri. Anati ukamira kwambiri ndisalimbane ndi mbendera, ndingoutulutsa kaye. Za maenje a mchenga aja amene amazungulira malo a mbendera, anati pamenepo mphamvu ikhale yoposa imene maso akukuuza, chifukwa ndodo imayamba yamenya mchenga isanakhudze mpira. Ndinkawagwira dzanja kuwawolotsa poloti, n'kuwakhazika pa kampando pakhomo pa nyumba ya a Dani. Ine ndinkawerenga nambala mokweza, kuwauza pamene mpira wagona ndi kumene mphepo ikuchokera, iwo n'kutchula ndodo. Sankaphonya kawirikawiri.

Anayambanso kumeta ndevu. Loweruka m'mawa ankavala malaya awo oyera a kuntchito aja, n'kumandifunsa ngati magetsi alipo. Amayi ankawaseka kuti, “Kodi mwalembedwanso ntchito, abambo a Kondwani?” Ababa ankayankha kuti bwana wawo watsopano ndi wovuta, salipira komanso sasamba. Pa dziko lonse lapansi, pakhomo paja ndi pokhapo pamene panatsala munthu wowafunsa maganizo, ndipo munthuyo ndinali ine.

Mbiri yanga inafika mpaka ku Area 23. Loweruka lina masana kunabwera anyamata anayi akumeneko, ovala majini ndi nsapato zoyera, ali ndi katswiri wawo wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu. M'nyumba munadzaza, mukununkha thukuta ndi chimanga chokazinga. Ena anaima panja, ndipo Dani anasuntha TV kuchoka pa kabati kuiika pa tebulo pafupi ndi windo kuti akunja aonere. Palibe anaganiza zowauza ababa.

Tinafika pa dzenje lomaliza tili ofanana. Mpira wanga unapatuka n'kugwera mu udzu wautali. TV inalemba mayadi 150, inandisankhira ndodo ya nambala seveni, ndipo pakati pa ine ndi mbendera panali dzenje la mchenga lotambalala. Ndinawerenga nambala motsitsa mawu, chifukwa chiyambire masewerawo alendo aja ankatsinana akamva ndikufunsa munthu wamkulu.

“Seveni safika. Tenga faifi, mwanangu,” anatero ababa. Anaimirira chifukwa cha chisangalalo, natambasula mkono. “Ulunjike kumanzere kwa mbendera, apo!”

Chala chawo chinaloza pa kabati ya mbale, pamene TV inkakhala masiku onse.

M'nyumba munaphulika phwete. Wina anagwa pansi atagwira m'mimba. Katswiri wa ku Area 23 anati, “Madala akumenyetsa mapoto awa! Aise, tsabola wakale sawawa, sewera wekha.” Ndikanatha kudzuka n'kuwatembenuza ababa phewa pang'ono, zikanathera pomwepo. M'malo mwake ndinalankhula, ndipo ndinalankhula mokweza kuti alendowo amve kuti ine sindili mbali ya ababa.

“Ababa, tangokhalani chete. Simukuona n'komwe. Inu munkangonyamula zikwama za eni ake, gofu simunasewerepo.”

Kuseka kunatha. Ababa anatsitsa mkono pang'onopang'ono, napukuta chikhatho pa malaya oyera aja. “Zoonadi,” anatero. Sanakwiye, ndipo mwina akanakwiya zikanandipepukira. Anatembenuka n'kuyamba kufufuza khoma ndi dzanja. Mayi ake a Dani ndiwo anasiya zochapa n'kuwaperekeza, ine padi ili m'manja.

Ndinamenya ndi seveni. Mpira unakwera mokongola, kenako unatha mphamvu n'kutera pakati pa mchenga. Mmenemo ndinamenya katatu, mofooka ngati munthu wosaphunzitsidwa, mchenga ukungomwazika mpira uli pompo. Alendo anapita akuimba mluzu.

Kunyumba ababa sanawauze amayi. Malaya aja anawapinda okha n'kuwaika m'sutikesi. Loweruka lotsatira ndinaima pakhonde, ndikukanda nsanamira ndi chikhadabo, n'kunena kuti magetsi alipo. Anati miyendo ikuwawa. Patapita masiku ndinayesa njira ina. Ndinawafunsa kuti mpira ukakwiririka mu mchenga wonyowa amatani, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

“Ndaiwala, mwanangu,” anatero mofatsa. “Funsa TV.”

Mawu akuti pepani ndinali nawo, koma ndinkadikira tsiku labwino lowanenera, tsiku limene sadzandichititsa manyazi. Mvula itayamba matenda anakula, ndipo abale anabwera kudzawatenga kupita nawo kumudzi ku Mitundu kuti akawasamalire. Ine ndinatsala chifukwa cha sukulu. Pokwera minibasi anandigwira mutu n'kundiuza kuti ndizilimbikira masamu. Ndinakawaonanso ali m'bokosi, chimanga chisanache.

Anyamata a ku Area 23 anabweranso chaka chotsatira ndipo ndinawagonjetsa onse, mmodzimmodzi, ndi malangizo a ababa. Anandinyamula m'mwamba mpaka panja. Atanditsitsa ndinazungulira kuseri kwa bafa n'kulira mpaka Dani anachita mantha. Gemu ija sindinaigwirenso.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndimamvetsa chimene ndinachita. Kale ndinkaganiza kuti ndinawanyoza chifukwa cha khungu, koma khungu anali atalizolowera. Chimene ndinawalanda ndi ntchito yawo yomaliza. Ku bwalo kuja anawachotsa chifukwa maso anatha, ndipo anthuwo anali ndi chifukwa. Ine ndinawachotsa akulondola, pamaso pa alendo amene ngakhale mayina awo sindikuwakumbukira. Mabwana onse amene anawanyamulira zikwama, sindikhulupirira kuti analipo amene anawalankhula ngati mmene ndinawalankhulira ine, mwana wawo, amene ankandinyamulira ulere.