Mzukwa wa M'nyumba ya Mphesa

Mayi Maud Ketteridge anagwira ntchito panyumba yaikulu ya Haddercombe kuyambira ali mtsikana mpaka mutu kuyera mbuu, koma mzukwa sanauonepo ndi umodzi womwe. Chonsecho nyumbayo inkatchuka ndi mizukwa. Alendo obwera pa basi ankalumbira kuti aona mzimayi wa chovala chotuwa pamasitepe, ena akuti amva mahatchi pabwalo popanda hatchi. Mayi Ketteridge ankangopukuta fumbi uku akung'ung'udza kuti munthu akakhuta tiyi ndi masikono amaona chilichonse.

Zinasintha amuna awo, a Clifford, atamwalira. A Clifford ndiwo ankasamalira munda wa panyumbapo, munthu wokalipa koma wa dzanja labwino pa mbewu. Kuyambira pamenepo mayiwa anayamba kutchera khutu mwakabisira ku nkhani za alendo, kudikira kuti wina atchule bambo wa kapusi yakutha. Koma ayi ndithu. Zinkawapweteka, mwinanso kuwakwiyitsa kumene. Akufa achilendo azingoyendayenda m'nyumba muno, wako yekha osasuzumirako n'komwe?

Mawondo atayamba kukana masitepe, mwana wawo wamkazi anawaitana kuti akakhale naye kumzinda wa Leeds. Iwo ankangozengereza. Ankaopa kuti akachoka ndiye kuti a Clifford atheratu, pamalopo sipadzatsala wowakumbuka.

Tsiku lina masana mlendo wina analowa m'khitchini. Anati anasuzumira m'nyumba yamagalasi momwe amalimamo mphesa, munalibe munthu, koma mawu aamuna anamukalipira kuchokera m'masamba kuti atseke chitseko, mphesa zilibe juzi. Mayi Ketteridge anagwetsa nsalu yomwe inali m'manja. Amenewo ndi mawu omwe a Clifford ankazazira nawo aliyense, ngakhale eni nyumba, poti kamphepo kozizira kakalowa mphesa zimayoyoka zisanakhwime.

Anatsetsereka kumunda, za mawondo ataiwala. Anakankha chitseko cha nyumba ya mphesa ija n'kuchisiya chotsekula dala.

"Tsekani chitseko, inu! Mphesa zilibe juzi!"

Mayiwo anaima pakhomopo. Kenaka masamba anagwedera, ndipo kunsi kwa benchi kunatuluka mutu wadazi wa Neville, yemwe anaphunzira ntchito kwa a Clifford ndipo tsopano ndiye ankasamalira mundawo. Anali atagwada, akukonza paipi. Atawaona anachita manyazi n'kuyamba kupepesa, akuti mawuwo amangotuluka okha, sadziwanso kuti anamulowa liti, ndipo ana ake kunyumba nawonso amakalipirana chimodzimodzi wina akasiya chitseko.

Mayi Ketteridge anaseka mpaka misozi, kuseka kutatha misozi inapitirira yokha. Mzukwa wake ndi ameneyu, wamatope m'mawondo! Komabe anathokoza, anathokozadi ndi mtima wonse. Kukalipa kwa amuna awo kunali kutapeza wokusunga, mpaka kufika m'kamwa mwa ana amene a Clifford sanawaonepo.

"Neville, mwanawe, tabwereza," anatero. "Usandiyang'ane ayi. Ungokalipa basi."

Neville anatembenukira ku mphesa n'kukalipa monga poyamba. Mayiwo anamvetsera atatsinzina, dzanja lili pachifuwa. Atatero anatuluka, anatseka chitseko bwinobwino, n'kupita kukamuimbira foni mwana wawo kuti abwere adzawatenge.