Alamu ndi Kamera ya Nyenyezi

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Magalasi akuda otetezera maso ankangowakoleka pachipumi, ati amawachedwetsa ntchito. Mapeto ake dokotala anawauza mosapsatira mawu kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo palibe chochita.

Wina akanakhala pansi n'kumalira. Iwo anapita kukagula kamera yakale kwa mkulu wina wojambula zithunzi za maukwati.

"Moyo wanga wonse ndauthera poyang'ana moto wapansi," anatero. "Ndikufuna chithunzi cha nyenyezi chojambula ndekha, ndichione maso asanatseke."

"Alamu, geti la eni ake likuchita dzimbiri apa, inu mutu uli kumwamba?" ndinawaseka.

Miyendo itatu yoikapo kamera anaiwotcherera okha, chinthu cholemera moti tinachita kunyamula awiri. Anaiimika kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi chingwe choyanikira zovala, n'kuithirira simenti kuti isagwedezeke. Ati pojambula nyenyezi kamera imatsegula diso kwa kanthawi, ndipo ukangoikhudza zonse zimatuluka ngati mphutsi. Ndiye ikamajambula, pakhomo ponse ngakhale kutsokomola kunali koletsedwa.

Koma zinthu zinangokana. Tsiku loyamba babu la aneba linayeretsa chithunzi chonse. Aneba atavomera kumalithimitsa, mwezi unayamba kuwala. Mwezi utapita, mvula inabwera. Madzulo aliwonse alamu ankaika batire, kupukuta galasi, kulozetsa kamera kumwamba, koma kumwambako mitambo yokhayokha. Ine zoseka zija ndinaleka. Chisoni chinkandigwira, nanga mitambo ungaikankhe ndi chiyani?

Kuti nyenyezi zidzatuluke bwino, ankayamba alozetsa kamera pa kagetsi kofiira ka pansanja ya mafoni, n'kumazunguliza mphete yakutsogolo kwa kamerayo mpaka kagetsiko kachepe ngati nsonga ya singano. Poyamba ankachita okha. Kenako tinayamba kumva akuitana: "Mayi, tabwerani mundionere, kachepa?" Achemwali, omwe kale ankati zonsezi n'zamisala, ankasiya mbale m'madzi n'kuthamanga.

Tsiku lina mvula itakata, kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Kutangoda achemwali anakonza mphete ija, alamu analozetsa kamera kumwamba n'kudina batani, tonse tinangoti zii. Chithunzi chinatuluka pa kagalasi kakumbuyo kwa kamera. Nyenyezi zinali mbwee, ngati mchere wotayikira pansalu yakuda.

Alamu anaweramira pafupi mpaka mphuno kugunda kamera. Anayang'ana, anatikita maso, anayang'ananso.

"Mitambo yabweranso eti?"

Achemwali anagwira chala cha amuna awo, chija chodzadza ndi zipsera za moto, n'kumachiyendetsa pachithunzi.

"Zatuluka, bambo. Iyi apa. Iyi apa. Apa ndiye zaunjikana."

"Ndikungomva galasi, mayi," anatero alamu. "Koma pitirizani."